Muvi Unakwera Bwanji, Yanni?

Mutu 6

1. Madzi aulesi

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho inakhalitsa ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Pa siteshoni yopopa mafuta apansi ya paphiri la Baiyang, kumpoto kwa chigawo cha Shaanxi, mphepo inkabwera ndi fumbi lachikasu m'mawa, masana n'kubwera ndi chipale chofewa. Makina opopa mafuta ankangowerama n'kudzuka, kuwerama n'kudzuka, ngati nkhalamba zopepesa mlandu wosatha.

Tuo Yanni, mtsikana wa zaka 19, anali atatha miyezi ingapo pamalopo akuphunzira ntchito. Womuphunzitsa anali a Miao Dehou, bambo wa msana wopindika amene anakalambira paphiri lomwelo. Yanni ankawaitana kuti Shifu, monga wophunzira ntchito aliyense aitanira mmisiri wake.

Zitsime za paphiripo zinali zitatopa. Pa zimene makina ankakoka pansi, mafuta anali ngati supuni imodzi m'ndowa, kotsalako madzi okhaokha. A ku ofesi ya m'tauni anali atanena mosabisa kuti zinthu zikapanda kusintha pofika nthawi yophukira mitengo, siteshoniyo aitseka.

Chiyembekezo chinatsala pa chitsime chapakati. Chimenechi sichitulutsa kanthu. Ntchito yake ndi kumwa madzi amene amapita pansi kukakankhira mafuta ku zitsime zinzake. M'madziwo ankathiramo mankhwala atsopano, timikanda ta polima, tating'ono koti diso silingatione. Tinkabwera m'migolo yabuluu, tikuoneka ngati mkaka.

Yanni ndiye ankakwera makwerero a thanki m'mawa ndi madzulo, kuthira muyezo wake, kuyatsa chotakasira, n'kuona ngati kapampu kakukoka bwino. Zala zake zinali zitang'ambika ndi chisanu. Muvi wa geji ya pachitsimepo, yoyeza mphamvu imene madzi akukankhira pansi, sunasunthe kuyambira tsiku loyamba.

Chaka Chatsopano chitayandikira, a Shifu anadzuka m'mawa wina akulephera kuwongoka. Galimoto ya kampani inabwera kudzawatenga kupita nawo kuchipatala. Wantchito wachitatu anali atapita kale kutchuthi, choncho Yanni ankatsala yekha. Dalaivala akuliza hutala, a Shifu anaima pakhomo atatsamira khoma.

"Yanni, tabwera kuno. Ameneyo adikire, hutala siithyoka."

"Ndikudziwa, Shifu. M'mawa ndi madzulo."

"Nthawi ukuidziwa, koma chifukwa chake ayi, poti ndikamalankhula maso ako amakhala kumudzi. Tamvera. Mwala uli pansi pathupa si wofanana. Pena ndi wotakasuka ngati msewu wa malole, pena wothinana ngati nsalu. Tsono madzi ndi aulesi kuposa mlongo wako Erwa. Ukawatuma kuti akakankhe mafuta, amasankha msewu waukulu, n'kukatulukira uko chimanjamanja. Mafuta amatsala mothinanamo, ali mtulo. Zaka zonsezi takhala tikutsuka msewu umodzi womwewo.

"Timikandati tiyenera kulowa tikadali tating'ono. Tiyende ndi madzi mpaka kutali, tikatupire kumeneko, titseke msewu waukuluwo, madzi asowe kothawira n'kuyamba kulowa mothinana muja. Koma tikangokhudza madzi timayamba kumwa. Ukatigoneka m'thanki titupira momwemo, ndipo totupa kale sitipita patali. Titseka pakamwa penipeni pa chitsime. N'chifukwa chake timasakaniza pang'ono, osati poti ndimakondwa kukuona ukunjenjemera pamakwerero. Kutsidya uko ndinaonako chitsime chotsekeka pakamwa. Anachitsuka ndi asidi, anachichonderera, sichinamwenso. Lero pamera zitsamba.

"Muviwo uziuyang'ana. Ukamakwera pang'onopang'ono ngati mtanda wa buledi, ndiye kuti mankhwala agwira kutali, tapulumuka. Ukadumpha ngati mkwiyo, thimitsa pampu, undiimbire foni. Wamva?"

"Ndamva, Shifu."

"Kumva ndi kwa makutu. Tiona manja."

2. Erwa

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, njinga yamoto inakwera phiri ikutsokomola. Anali Erwa, mlongo wake wamkulu, chipewa chaubweya chitaphimba mpaka nsidze.

"Mfumukazi ya mafuta! Ukadali moyo? Amayi akuti ndidzaone ngati nkhandwe sizinakudye."

"Achimwene, ngati mwabwera opanda chakudya, njira ndi yomwe mwadzerayo."

Erwa anatulutsa kansalu m'jekete. Munali zitumbuwa za mapira zikadali zofunda. Yanni anadya ziwiri chiimire, osapuma.

"Madzulo ano ndi kuyeserera komaliza kwa ng'oma za Chaka Chatsopano," anatero Erwa. "Mawa m'mawa tiyamba kuzungulira makomo. A Gao, mkulu wa gulu, akuti ukapanda kuoneka lero malo ako akutsogolo apatsa mwana wa a Feng, uja amaimba ngati akupha udzudzu."

Yanni anasiya kutafuna. Ng'oma ya m'chiuno anayamba kuimba asanaphunzire kulemba dzina lake, ndipo chaka chathachi n'pamene anamuika pamzere woyamba. Kuyambira pamene anakwera phirili, ng'oma yake inali chipachikire kunyumba.

"Sindingachoke. A Shifu kulibe."

"Ndiye akuona ndani? Makinawa? Amenewa maso awo ali pansi tsiku lonse."

"Mankhwala ndimathira m'mawa ndi madzulo."

"Thira a lero ndi a mawa pamodzi. Thankiyo si yaikulu? Ifenso tikamapita ku ukwati mbuzi timaziunjikira udzu, ndipo sitinapezepo yakufa."

"Akuti timikandato timatupa tikakhalitsa."

"Chotakasira chikuzungulira? Iwe, nkhalamba zimakonda kuopseza ana kuti zioneke zofunika. Miyezi yonseyi wathira motsata malamulo, chasintha n'chiyani? Taona zala zakozo, ngati mapazi a nkhuku. Siteshoni imeneyi ndi maliro ongodikira bokosi. Mawa masana ndikubweza ndekha."

Yanni anayang'ana geji. Muvi unali pomwe unali dzulo, pomwe unali mwezi watha. Mphepo itatembenuka, kuchigwa kumene kunali mudzi wawo kunamveka kaphokoso ka ng'oma, kakang'ono ngati mtima wa mbalame.

Anakwera makwerero. Anathira muyezo wa madzulo, wa m'mawa, ndi wina wowonjezera. Anadzaza madzi mpaka m'khosi mwa thanki, n'kuyatsa chotakasira. Kenako anakhoma geti n'kukwera kumbuyo kwa njinga.

3. Makomo

Madzulo amenewo Yanni anaimba ngati munthu amene wamasulidwa chingwe. Fumbi linakwera pabwalo, nsalu zofiira za pandodo zoimbira zinauluka, ndipo a Gao anangogwedeza mutu n'kumusiya kutsogolo.

Amayi ake, pomupatsa phala la mapira, anafunsa kamodzi kokha.

"A Shifu ako akulola?"

"Eya, amayi."

M'mawa gulu linayamba kuzungulira. Mwambo wake ndi woti ng'oma zilowe pakhomo lililonse, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, olemera ndi osauka omwe. Kudumpha khomo ndi kutukwana banja chaka chonse, ndipo wa pamzere woyamba sachoka gulu lisanamalize. Dzuwa litapendeka Yanni ananong'oneza a Gao kuti akufuna kubwerera kuntchito.

"Kubwerera? Kwatsala khomo la mayi wamasiye wa a Bai ndi ena akumunsi. Ukufuna anene kuti mwana wa a Tuo anafika pakhomo pawo n'kutembenuka? Manga ng'omayo."

Pakhomo lililonse ankawalandira ndi maswiti, fodya ndi mowa wotentha wa mapira. Pomaliza Erwa anali atagona pa bedi la njerwa la eni nyumba, nsapato zili kumapazi. Chipale chinayamba kugwa, ndipo aliyense anati njinga singakwere phiri nyengo imeneyo. Yanni anagonanso kumudzi.

Kutacha anakwera wapansi, miyendo ikulemera ngati ya wina.

4. Phala m'thanki

Asanatsegule geti anadziwa kuti china chalakwika. Chotakasira sichinkamveka. Lamba wake anali ataduka ndi chisanu, akulendewera. Kapampu kankabuula ngati mbuzi yomangidwa pakhosi.

Yanni anakwera makwerero n'kusuzumira. Zomwe anasiya ngati mkaka zinali ngati phala logona, lamabumamabuma, lonanda. Anamasula sefa ya pakapampu n'kupeza yadzaza. Anaitsuka, anaibwezera. Inadzazanso asanapukute m'manja. Anaitsuka kachiwiri, chimodzimodzi.

Foni inalira m'thumba. Anali a Shifu.

"Anditulutsa. Akuti msanawu ndi wakale, alibe wina woti andipatse. Ndifika masana. Zonse zili bwino?"

"Zili bwino, Shifu."

Anakhala pa khwerero lapansi. Kutaya phalalo kunali kosatheka. Pachipale choyera chotero ngakhale wakhungu akanaona, ndiponso mankhwala otere satayira pansi. Kulisiya m'thanki kunali kudziulula. Njira yachitatu inali pamaso pake, yaifupi.

Anamasulanso sefa. Ulendo uno sanaibwezere. Analumikiza paipi yokha, anathira madzi m'thanki, natakasa ndi thabwa mpaka mapewa kuwawa. Kapampu kanatsamwa, kanatsokomola, kenako kanayamba kumeza.

Thanki inatsika. Yanni anapita pa geji kukaona. Muvi umene unagona miyezi yonse ija unanjenjemera, n'kudumpha. Madzi a tiyi sakanawira n'komwe m'nthawi imene unatenga. Unakaima pansi pang'ono pa mzere wofiira wosonyeza ngozi.

Yanni anatambasula dzanja kuti athimitse pampu yaikulu yokankhira madzi pansi. Analibweza. Muvi sunapitirire. Anadikira, sunapitirirebe.

Anatsuka thanki, anabwezera sefa, anamanga lamba watsopano wa m'sitolo. Pomwe galimoto inkafika, pabwalo panali posesa.

5. Funso

A Shifu sanalowe m'nyumba. Anatsika galimoto ndi ndodo yatsopano yakuchipatala n'kulunjika kuchitsime, monga ankachitira nthawi zonse. Anaima pa geji nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Anagogoda galasi la geji ndi chala.

"Yanni."

"Shifu."

"Muviwu unakwera bwanji? Pang'onopang'ono, kapena unadumpha?"

Mphepo inali itaima. Makina okha ndiwo ankamveka.

"Pang'onopang'ono, Shifu. Unayamba tsiku lomwe munachoka."

Nkhalambayo inatulutsa mpweya wautali. Siinaseke, siinadumphe. Inangokhala pa mgolo wopanda kanthu n'kuika chipumi pa ndodo. Itadzutsa mutu, maso anali onyowa.

"Chinangodikira kuti ndichoke, chitsime chamwanochi," anatero a Shifu. "Ndipatse foni."

Anaimbira mayi Dang, injiniya wa ku ofesi amene anabweretsa timikandato ndipo ankalimbana ndi mabwana kuti siteshoni isatsekedwe msanga. Yanni ankamva mbali imodzi yokha.

"Mayi Dang, phiri ladzuka... Eya, wakwera... Pang'onopang'ono, mtsikanayu anali pompano akuona... Ameneyu sanama, ndamuphunzitsa ndine... Tionjezere madzi? Chabwino... Mawa? Tidzakuphikirani mbatata."

Atadula foni analowa kukhitchini n'kutulutsa nyama ya nkhosa imene ankasungira Chaka Chatsopano. Anaphika msuzi, anakanda ufa, osalola Yanni kugwira kanthu. Akudya anayamba kulankhula, maso ali m'mbale.

"Kuchipatala kuja ndimaganiza zoti ndingosiya. Ndinati, Miao, wakalamba, zitsime zakalamba, mukanganirana chiyani? Ndinabwera kuno tsitsi lili lakuda. Ana anga akula ndikuwaona pa zithunzi. Akanatseka siteshoni ino akananditumiza kukalondera geti kutauni, kumatsegulira magalimoto a anyamata amene ndinawaphunzitsa kugwira sipanala.

"Ndikuuze chinthu, mwana wanga. Ntchito yathuyi ndi yogwira pa zinthu zosaoneka. Mafuta ali pansi, mwala uli pansi, timikanda tili pansi. Palibe amene anatsikako kukaona. Mayi Dang amakhulupirira mawu anga, mabwana amakhulupirira mawu a mayi Dang, ine ndimakhulupirira ako. Tonse tapachikika pa chingwe chimodzi. Anzeru ndawaphunzitsa ambiri, ena lero ali m'maofesi otentha. Koma paphiri sipafuna wanzeru kwambiri. Pafuna munthu woti ukam'patsa msana azichita zomwe akanachita ukumuyang'ana. Idya nyamayo, waigwirira ntchito."

Yanni anatafuna osadzutsa mutu.

6. Valavu

Atatha kudya anatuluka. Dzuwa linali lofooka, lopanda moto.

"Mayi Dang akuti tionjezere madzi kuti tikankhe timikanda tipite patsogolo," anatero a Shifu. "Iwe pita pa valavu yotsegulira madzi. Ine ndiima pa geji, maso angawa afuna pafupi. Uzitsegula mpaka nditakweza dzanja."

Anakaima pamutu pa chitsime, atawerama, nkhope pafupi ndi paipi. Yanni anagwira gudumu la valavu. Chitsulo chinali chozizira mpaka kuluma kupyola magolovesi.

"Tiye!"

Anapotoza pang'ono. Paipi inalira ndi mawu achilendo, ochokera m'mimba. Chipale chomwe chinali pamwamba pake chinayoyoka.

"Onjeza! Ukuopa chiyani?"

Madzi okankhidwa ndi pampu yaikulu akapeza khomo lotseka sabwerera mwaulemu. Amafuna polumikizira pofooka, ndipo akapapeza amadula ngati mpeni. Zimenezi Yanni anaziphunzira sabata yake yoyamba. Polumikizira pafupi kwambiri panali pamene a Shifu anaweramira.

Anabweza gudumu mwamphamvu, anathamangira kubokosi la magetsi n'kuthimitsa pampu. Bwalo lonse linangoti zii.

"Wapenga?" anakuwa a Shifu.

"Chokanipo pamenepo, Shifu! Chonde chokanipo!"

A Shifu anayang'ana geji. Muvi unali utagunda mzere wofiira, ndipo ngakhale pampu inali itazima, unkatsika mwaulesi, ngati sukufuna. Chitsime chomwa bwino sichisunga madzi pakhosi chotero. Anabwerera m'mbuyo, ndodo ikukwekwereza pansi.

"Unadumpha," anatero Yanni. "Sunakwere pang'onopang'ono. Unadumpha lero m'mawa. Ndinapita kumudzi ku ng'oma. Ndinathira zonse pamodzi, lamba anaduka, zinatupa. Ndinachotsa sefa n'kuzitumiza pansi."

"Unachotsa sefa."

"Eya, Shifu."

"Ndi manja ako."

"Eya."

Yanni ankayembekeza kukalipa. Kukalipa kukanakhala bwino. A Shifu anangopita pa mgolo uja n'kukhala, pang'onopang'ono, ngati munthu wotsitsa katundu wosweka.

"Kupita ku ng'oma ndi ubwana," anatero. "Ndikanakutukwana, n'kutha. Phala la m'thanki tikanaliwolera m'migolo, ine n'kukapepesa ku ofesi, nkhope yanga inazolowera. Ngakhale utalitumiza pansi, ukanandiuza nditangofika pa geji paja, tikanatsegula chitsime kuti chilavule msanga zisanagwirane. Khomo lililonse linali lotsegula, mwana iwe, ndipo unadutsa ukutseka limodzilimodzi. Tsopano zakhala pakhosi tsiku lonse, ine n'kuzikankhiranso ndi lamulo langa."

"Chingatsukike, Shifu?"

"Sindikudziwa. Pakufunika galimoto yotsukira, ndipo wotumiza galimoto imeneyo ndi mayi Dang. Akadziwa lero, mwina. Akadziwa mawa, kaya."

Anatulutsa foni, anasaka nambala, n'kuitambasulira kwa Yanni.

"Mawu anga apita kale ku ofesi. Ndinati sunama. Ine sindingawabweze, ndatopa. Uwabweze ndiwe."

"Andichotsa ntchito, Shifu."

"Mwina. Imba."

Foni inaitana kawiri. Kunamveka phokoso la galimoto yoyenda, kenako mawu a mayi, osangalala.

"A Miao! Mawa latalika, tanyamuka kale. Tadutsa pa mlatho."

"Si a Shifu, mayi. Ndine Yanni."

"Yanni! Ndiwe amene timakufuna. Abwana ali pambali panga pano, akuti akufuna amve kwa mwini wake amene anaona. Ndakweza foni kuti tonse timve. Lankhula, mtsikana."

Yanni anayang'ana a Shifu. Iwo anali atatembenukira kuchitsime, manja onse pa ndodo. Sanamuthandize. Kumunsi kwenikweni, pamene msewu umayamba kukwera phiri, kagalimoto koyera kanatulukira pakona.

Yanni anasendeza foni kukamwa.

"Bwana," anatero, "ndinachoka pa siteshoni."